Funsani a Zaumoyo: Mzere wa Kuchipatala, LA Wotha M'dzinja ndi Kalata Yokwera Ambulansi

Makalata ambiri mwezi uno achokera kwa anthu amene amadalira zipatala zazing'ono za m'midzi: amayi a kusikelo, mamembala a makomiti, ngakhalenso ogwira ntchito eniake. Oyankha ndi anamwino, azamba ndi osunga mankhwala. Mayina a olemba ndi a zipatala tawachotsa.

Ndinafika pachipatala chathu kusanache, mwana wanga wa zaka 3 ali ndi chifuwa. Pamzere ndinali wachitatu. Anamwino atabwera anayenda mzere wonse akusuzumira ana, kenako anatenga mayi wina amene anafika dzuwa litakwera n'kulowa naye. Ine ndinaonedwa cha m'ma 10 koloko. Kodi kumeneku si kukondera?
Mayi wa ku Ntcheu

Mayi, kukhala pabenchi maola asanu ndi mwana wodwala kumawawa, ndipo pamenepo sitikukutsutsani. Koma zimene mwafotokozazo, namwino kuyenda mzere wonse akusuzumira mwana aliyense, ndi zimene timalakalaka zitamachitika pachipatala chilichonse. Mzere wa kuchipatala si wa kuchigayo. Kuchigayo wofika msanga ndiye amagayitsa msanga. Kuchipatala amayamba kulowa ndi amene angamwalire akadikira.

Njira yosankhira ana imeneyi imatchedwa ETAT, ndipo ntchito yaikulu yoikonza inachitikira kwathu konkuno, kuchipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Chinaonekera ndi chakuti ana ambiri omwalira m'chipatala amamwalira m'maola 24 oyambirira atafika, ena asanaonedwe n'komwe. Lero bungwe la WHO limaphunzitsa njirayi m'maiko ambiri.

Wosankhayo samuyeza mwana mokwanira. Amangoyang'ana, kukhudza ndi kufunsa funso limodzi kapena awiri, ndipo mwana mmodzi satenga ngakhale theka la mphindi. Amene amalowa nthawi yomweyo, ngakhale buku lake lisanalembedwe, ndi mwana wotsamwa, wobanika kwambiri, wokomoka kapena wogwidwa linjirinjiri, komanso wa manja ozizira amene mukamufinya chikhadabo magazi sabwerera pakatha masekondi 3. Momwemonso mwana wotsegula m'mimba amene maso alowa, wafooka, ndipo khungu la pamimba mukalitsina limachedwa kubwerera. Gulu lachiwiri limapita kutsogolo kwa mzere: khanda losakwana miyezi 2, mwana wotentha thupi kwambiri, wa zikhatho zoyera chifukwa cha kuchepa magazi, amene wamwa parafini kapena mankhwala a mbewu, wakupsa, wotupa mapazi onse awiri, wonyentchera kwambiri, ndi amene wabwera ndi kalata yochokera kuchipatala china. Ena onse amadikira mwa dongosolo la kafikidwe kawo. Mwana wanu, ngati ankatsokomola koma akusewera ndi kumwa, anali m'gulu lomalizali.

Inunso mungathe kuwerenga kupuma kwa mwana. Muvuleni pachifuwa ali phee, muwerenge kwa mphindi yathunthu. Khanda losakwana miyezi 2 likafika ka 60, mwana wa miyezi 2 mpaka 11 akafika ka 50, wa chaka chimodzi mpaka zaka 5 akafika ka 40, ndiye kuti akupuma mothamanga ndipo chingakhale chibayo. Pansi pa nthiti pakamalowa m'kati pamene akukoka mpweya, imirirani mukauze namwino, musadikire kuitanidwa.

Kwa anzathu ogwira ntchito, pamene njirayi imaphwanyikira ndi apa. Zipatala zambiri zimasankha ana kamodzi kokha, 8 koloko, ngati kuti matenda amasunga nthawi. Mwana wofika 11 koloko palibe womusuzumira, ndipo amene anali bwinobwino m'mawa angathe kusintha ali pabenchi pomwepo. Mzere uyenderedwe mobwerezabwereza. Chachiwiri, mwana ali kumsana, wafundidwa zitenje ziwiri ndi chipewa, ndipo aliyense akuganiza kuti wagona. Vundukulani muone nkhope. Chachitatu, ntchitoyi isakhale ya namwino yekha. Mlonda wa pageti, wolemba mayina ndi wokolopa ndiwo amayamba kumuona wodwala, ndipo zizindikiro zoopsa zija angaziphunzire masana amodzi. Pakona yothandizira odwala mwakayakaya pazionedwa m'mawa uliwonse: makina a okosijeni akuyaka kodi? Chopopera mpweya cha ana chilipo? Nanga diazepam woletsa linjirinjiri, madzi a shuga a mumtsempha ndi kachipangizo koyezera shuga? Kusankha mwana msanga n'kumakasaka kiyi wa kabati ndi ntchito yachabe.

Ndipo auzeni anthu. Mawu awiri m'mawa, pa nthawi ya phunziro la zaumoyo, akanawachotsera mayi awa mkwiyo. Kukondera kwenikweni kuliko, koma kumaoneka mwina: munthu woyenda yekha bwinobwino, wapatsidwa moni wa dzina, walowera khomo la kumbuyo.

Ndine membala wa komiti yoyang'anira chipatala chathu chaching'ono. Chaka chilichonse mu Januwale ndi Febuluwale LA, mankhwala a malungo, amatha, anthu n'kumauzidwa kuti akagule. Kumudzi akuti ogwira ntchito akugulitsa mankhwala. Ife a komiti tingadziwe bwanji zoona?
Bambo wa ku Machinga

Bambo, kuba mankhwala kumachitika, ndipo sitibisa. Koma musanaloze munthu chala, pemphani kuona zinthu zitatu: stock card ya LA (khadi lolembapo mankhwala olowa ndi otuluka m'sitolo), kaundula wa odwala a ku OPD (oonedwa n'kubwerera kwawo), ndi lipoti la mwezi ndi mwezi limene limapita ku ofesi ya DHO, mkulu wa zaumoyo m'boma. Nthawi zambiri yankho lili m'mapepala amenewa.

Yambani ndi masamu a kaitanitsidwe. Chipatala chimatenga mankhwala amene chagwiritsa ntchito miyezi itatu yapitayi, n'kugawa ndi 3 kuti chipeze a pamwezi. Tiyerekeze kuti mu Okutobala munatuluka mapaketi 300, mu Novembala 360, mu Disembala 540. Onse pamodzi ndi 1,200, pamwezi 400. Ngati m'sitolo mukuyenera kukhala a miyezi itatu, ndiye 1,200. Pashelefu patsala 250. Oda ikhala ya 950. Masamuwo ndi olondola, koma akuyang'ana kumbuyo. Okutobala ndi mwezi wa dzuwa, udzudzu ndi wochepa. Mvula ikakhazikika malungo amakwera, ndipo mankhwala amene amaoneka ngati a miyezi itatu angathe m'masabata asanu kapena asanu ndi limodzi. Wosunga mankhwala wochenjera amatsegula kaundula wa Januwale mpaka Epulo wa chaka chatha, n'kuuza a famase ya boma pasadakhale, mu Novembala, kuti chiwerengero chikwera.

Pali msampha wina umene umakola zipatala zambiri. Tinene kuti mapaketi 540 a mu Disembala aja anatha m'masiku 20, ndipo masiku 11 otsalawo shelefu inali mbee. Mukalemba 540 basi, amene akuwerenga lipotilo aganiza kuti ndiwo mumafuna pamwezi. Zoona zake ndi 27 patsiku, kutanthauza 837 pamwezi wa masiku 31. Chipatala chimene sichilemba masiku amene mankhwala kunalibe chimalandira ochepa, amathanso msanga, lipoti lotsatira limatsika kuposa loyamba, ndipo vuto limadzibereka lokha. Pafomu pali malo olembapo masiku amenewa. Funsani ngati amadzazidwa.

LA amabwera m'mapaketi anayi molingana ndi sikelo ya wodwala: 1x6 wa makilogalamu 5 mpaka osakwana 15, 2x6 wa 15 mpaka osakwana 25, 3x6 wa 25 mpaka osakwana 35, ndi 4x6 wa 35 kupita m'tsogolo. Paketi ya ana ikatha, ogwira ntchito amadula ya akulu ndi sizasi, ndipo ya akulu ikatha amaphatikiza za ana. Wodwala wathandizidwa, koma zikapanda kulembedwa bwino makhadi amasokonekera, mtundu wina n'kumaoneka ngati wasowa mosadziwika.

Tsopano kufufuza kwake. Sankhani mwezi umodzi. Werengani m'kaundula anthu amene anapezeka ndi malungo atayezedwa magazi a pachala, muyerekeze ndi mapaketi a LA amene anatuluka m'sitolo. Ziwerengerozi ziyenera kuyandikana. LA akatuluka wochuluka kwambiri kuposa opezeka ndi malungo, pali ziwiri: mwina akuperekedwa kwa aliyense wotentha thupi osayeza, zimene ndi kuwononga mankhwala komanso kuphonya matenda ena, kapena akutulukira pawindo. Kenako lowani m'sitolo pamodzi ndi a in-charge muwerenge mabokosi ndi manja, muone ngati akufanana ndi nambala yomaliza pa stock card. Kusiyana kulikonse kukhale ndi chifukwa cholembedwa ndi siginecha.

Tsiku limene galimoto ya mankhwala yabwera, a komiti pezekanipo. Musasaine chikalata chobweretsera katundu musanatsegule makatoni, ngakhale dalaivala akuliza hutala kuti kwada. Onani chiwerengero, onani tsiku lothera mphamvu. Pashelefu, oyandikira kutha mphamvu akhale kutsogolo kuti atuluke poyamba, ngakhale atakhala kuti afika dzulo. Makatoni asagone pasimenti, akhale pamatabwa, ndipo asagunde khoma. Kiyi wa sitolo asamayende m'thumba la munthu mmodzi yekha.

Mankhwala akatsala a mwezi umodzi, imbani ku boma nthawi yomweyo. Kawirikawiri chipatala china m'boma lomwelo chimakhala ndi ochuluka amene angathe mphamvu ali pashelefu, ndipo a famase angawasamutse. Kuimba shelefu itauma kale ndiko kumabala mawu aja akuti "kaguleni".

Buku langa la kuchipatala linanyowa denga litadontha. Ndikadwala ndimabwereka la mchemwali wanga. Pali vuto?
Mtsikana wa ku Salima

Lilipo, achemwali, ndipo si laling'ono. Wokuonani amakhulupirira zimene zalembedwa m'bukumo. Ngati inu munatupapo kapena kutuluka zidzolo mutamwa Bactrim, Fansidar kapena penisilini, buku la mchemwali wanu silinena, ndipo mudzapatsidwanso mankhwala omwewo. Nayenso mukumuipitsira mbiri: matenda anu adzawerengedwa ngati ake. Pezani buku latsopano, mupite ndi lonyowalo ngakhale masamba atamatana, kuti zofunika zikoperedwe. Ngati mumalandira ma ARV, mankhwala a TB, a shuga kapena a BP, kuchipatala kumene mumalandirirako kuli khadi kapena kaundula wanu, ndipo angakulembereni kuchokera mmenemo. Buku latsopanolo muzisunga m'jumbo, ndipo masamba ofunika muziwajambula pafoni.

Ndine mzamba, ndangoyamba kumene ntchito pachipatala chaching'ono chimene chili kutali ndi boma. Ambulansi imatenga maola awiri kapena kuposa. Ndikatumiza wodwala, a ku boma amadandaula kuti ndatumiza mosakonzeka. Ndichite zotani podikira?
Mzamba wa chigawo chapakati

Anzathu, maola awiri amenewo ndiwo chithandizo chenicheni. Cholakwa chofala ndi kuganiza kuti ukaimbira ambulansi, wodwala wachoka m'manja mwako.

Mayi wotaya magazi atabereka: itanani wokuthandizani, sisitani chiberekero mpaka chilimbe, perekani oxytocin, mankhwala okungitsa chiberekero, tulutsani mkodzo ndi kathetala chifukwa chikhodzodzo chodzaza chimalepheretsa chiberekero kukungika. Ikani makanyula (timapaipi tolowetsera madzi mumtsempha) awiri aakulu, a saizi 16 kapena 18, mitsempha isanazimirire, mukachedwa simudzaipezanso. Tranexamic acid, galamu imodzi mumtsempha kwa mphindi 10, amathandiza akaperekedwa pasanathe maola 3 chiberekere. Onani ngati nsengwa yatuluka yonse ndiponso ngati pali pong'ambika. Zitenje ndi mapadi onyowa magazi musataye, awerengeni, chifukwa diso limachepetsa magazi otayika pafupifupi nthawi zonse. Ndipo dziwani kumene oxytocin wanu wakhala: amasungidwa pa madigiri 2 mpaka 8, ndipo amene wagona miyezi m'dirowa ya chipinda chotentha angakhale atafooka.

Mayi woyembekezera amene wakomoka, kapena amene BP yafika 160/110 ali ndi mutu waukulu ndi kusaona bwino: asakwere ambulansi asanalandire magnesium sulphate, mankhwala oletsa kukomoka. Mlingo woyamba ndi magalamu 4 mumtsempha pang'onopang'ono, kuwonjezapo magalamu 5 thako lililonse. Ambiri amaopa mankhwalawa, n'kumutumiza mayi wopanda kanthu, ndiye amakakomokera pamsewu pamene palibe chochita. Chofunika ndi kuyang'anira: kupuma kusatsike pansi pa ka 16 pamphindi, bondo lizidumpha mukaligogoda, mkodzo usachepere mamililita 30 pa ola, ndipo calcium gluconate, wothetsa mphamvu ya magnesium akachuluka m'thupi, akhale pafupi. Mankhwala otsitsa BP aperekedwenso monga likunenera buku la ndondomeko la Unduna wa Zaumoyo, limene liyenera kukhala patebulo osati m'kabati ya a in-charge.

Mwana wa malungo aakulu alandire artesunate woyamba pomwepo: mamiligalamu 3 pa kilogalamu ngati sanakwane makilogalamu 20, ndi 2.4 ngati wakwana kapena kupitirira. Yezani shuga, chifukwa mwana amene sakudya shuga amatsika mwakachetechete. Khanda lobadwa masiku osakwana liyende lili pachifuwa cha mayi kapena gadiyani, khungu kukhungu, lovala chipewa.

Kenako imbani kuwodi imene wodwala akupita, osati kwa dalaivala yekha. Nenani mwachidule: ndani, vuto n'chiyani, BP ndi kugunda kwa mtima zili pati, mwapereka chiyani, mukuganiza kuti akufunika chiyani. Akamva kuti kukubwera mayi wotaya magazi, a kulabu ndi a kufiyeta amayamba kukonzeka.

Pa kalata ndi pamene a ku boma amakwiyira kwambiri, ndipo ali ndi chifukwa. Kalata yolembedwa mawu awiri okha imakakamiza wolandira kuyambiranso pachiyambi. Lembani mankhwala aliwonse, mlingo wake ndi nthawi yake, ola ndi mphindi. Popanda nthawi, wolandira sadziwa kuti magnesium wotsatira aperekedwe liti, ndipo angabwereze mlingo woyamba kapena kuchedwetsa wachiwiri. Patogalafu, tchati cholembapo mmene kubereka kukuyendera, ipite nawo. Wodwala mwakayakaya aperekezedwe ndi wachipatala wokhala kumbuyo pafupi naye, osati kutsogolo ndi dalaivala, ndipo achibale auzidwe chifukwa chake akutumizidwa. Mwa iwo pakhale amene angapereke magazi.

Sungani kaundula wa onse otumizidwa: nthawi imene munaganiza zotumiza, imene munaimba, imene ambulansi inafika. Pakatha miyezi itatu muli ndi umboni wopita nawo kumsonkhano wa ku boma, m'malo mongonena kuti ambulansi imachedwa.

Agogo anga anakalipiridwa pamaso pa anthu chifukwa anasokoneza kamwedwe ka mankhwala, ndipo munthu wina wovala yunifolomu anatiuza kuti tipereke kangachepe kuti tionedwe msanga. Tingakadandaule kuti osaopa kuti adzatisala?
Mdzukulu wa ku Thyolo

Zonse ziwiri ndi zolakwa. M'zipatala za boma chithandizo ndi chaulere, kupatula mbali zolipiritsa zimene zimalembedwa poyera ndipo zimapereka lisiti. Zipatala za mishoni za pansi pa CHAM zimalipiritsa, koma zambiri zili ndi mgwirizano ndi boma woti amayi oyembekezera ndi ana obadwa kumene athandizidwe ulere. Funsani zimene mgwirizano wa pamalopo ukukhudza. Ndalama yopanda lisiti ndi chiphuphu, ndipo nkhani yake ingafike ku Anti-Corruption Bureau.

Yambani ndi a in-charge kapena a komiti ya chipatala. Zikakanika, pitani kwa hospital ombudsman, amene ntchito yake ndi kulandira madandaulo a odwala, kenako ku ofesi ya DHO. Nkhani ya khalidwe la namwino kapena mzamba imapita ku Nurses and Midwives Council of Malawi, ya dokotala kapena kilinikala ku Medical Council of Malawi. Lembani tsiku, nthawi, chipinda, mawu amene ananenedwa ndi amene analipo, ndipo musunge kope. Dandaulo lakuti "anamwino a pano ndi amwano" palibe angalifufuze.

Kwa opereka mankhwala: gogo akasokoneza kamwedwe, funso loyamba ndi lakuti anauzidwa bwanji. Kunena kuti "kawiri patsiku" kudzera pakawindo, anthu makumi atatu akukankhana kumbuyo, si kuphunzitsa. Jambulani dzuwa lotuluka ndi lolowa pakapepala ka mankhwala, muwapemphe agogowo abwereze ndi pakamwa pawo mmene akamwere, ndipo gadiyani amve nawo.

Magetsi akazima tsiku lonse, katemera wa m'firiji amakhala atawonongeka?
Mlangizi wa zaumoyo, Kasungu

Osati nthawi zonse. Firiji ya katemera imasunga kuzizira kwa maola ambiri ngati simukuitsegula, choncho lamulo loyamba ndi kuisiya chitsekere. Chokuuzani zoona ndi tchati cha kutentha, cholembedwa m'mawa ndi madzulo, Loweruka ndi Lamulungu lomwe, ndipo chizikhala pakati pa madigiri 2 ndi 8. Onaninso kachizindikiro ka pabotolo: kabokosi ka m'kati kakakhala kowala kuposa bwalo lozungulira, katemera ali bwino, kakafanana nalo kapena kuda kuposa, musabaye. Kutentha kukayamba kukwera, samutsirani katemera mu cold box n'kupita naye kuchipatala choyandikana chimene munagwirizana nacho kale. Maheu ndi nsomba za ogwira ntchito zilibe malo m'firiji imeneyi.

Chimene ambiri sachiopa ndi kuzizira kopitirira. Akatemera a Penta, PCV, HPV ndi Td akaundana amawonongeka, ndipo kachizindikiro kaja sikasintha mtundu. Zimachitika kawirikawiri popita kusikelo ya kumudzi, botolo litagundana ndi ice pack yochokera kumene mufiriza. Iyalikeni patebulo kaye mpaka mutamva madzi akukhuchumuka m'kati mukaigwedeza. BCG ndi katemera wa chikuku akasungunulidwa atayidwe pakatha maola 6 kapena sikelo ikatha, chimene chayamba kufika.

Mukakayikira kuti Penta anaundana, tengani botolo lina la gulu lomwelo, muliumitse dala mufiriza mpaka ligwirane, lisungunuke, mulilembe kuti lisabayidwe. Gwedezani mabotolo awiriwo limodzi m'dzanja limodzi kwa masekondi 10 mpaka 15, muwaike patebulo pamalo owala, muyang'ane. Lokayikitsalo likachedwa kudikha kuposa loumitsidwa dala, katemera ali bwino. Likadikha mofanana nalo kapena mofulumira, patulani mabotolo onse amene anali malo amodzi, muwalembe, muimbire woyang'anira katemera ku boma musanabaye mwana wina aliyense.